Mayi wa pa Uvuni wa Makala

1. Kamera ya Sibweni

Towera anafika pa situdiyo ya a Hudson dzuwa litapendeka. A Hudson anali mlongo wa mayi ake, ndipo monga mwa kwawo iye ankawatchula kuti Sibweni. Situdiyoyo inali kachipinda kamodzi kuseri kwa msika wa pa Karonga, pakati pa telala ndi wometa tsitsi. Pakhoma panali mbwee zithunzi za maukwati, zina zitasuluka ndi dzuwa.

Mawa lake kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu pawo inali kukakwera phiri la Mwanjeri, kumtunda kupitirira Kayelekera, n'kukagona konko. Bungwe lina la ku Mzuzu linali litalengeza mpikisano wa zithunzi za mapiri kwa ana a sekondale. Wopambana akanapita kukaphunzira kujambula pa tchuthi, n'kupatsidwanso kamera yakeyake. Towera anali mu Fomu 3, ndipo mpikisanowo ankaulota ngakhale masana.

A Hudson anatulutsa kamera m'kabati n'kuipukuta ndi kansalu, koma sanaipereke msanga.

"Khala pansi kaye," anatero.

Towera anakhala pa benchi ya makasitomala.

"Kamerayi yandidyetsa zaka zambiri, ndipo ndikukubwereka chifukwa ndaona kuti diso uli nalo. Za fumbi ndi mvula ndinakuuza kale. Lamba asachoke m'khosi. Koma chimene ndikufuna umvetsetse ndi china. Phiri ulijambule mmene ungafunire, silikakufunsa. Mitengo, anyani, mitambo, zonsezo n'zako. Koma munthu si mtengo. Munthu ali ndi kwawo, ali ndi abale, ali ndi zimene akubisa komanso zifukwa zake zobisira. Ukafuna kumujambula, umupatse moni, umuuze dzina lako, umupemphe. Akakana, tsitsa kamera, uthokoze, uzipita. Ine pamaliro ndimajambula bokosi ndi nkhata, koma namfedwa akamagubuduka pansi ndimayang'ana kumbali, ngakhale achibale andikakamize. Kale chithunzi chinkagona mu alubamu pansi pa matiresi. Lero chinamera miyendo. Ukachitulutsa m'mawa, masana chili pa Songwe, madzulo chili ku Joni, ndipo sungachiitane kuti chibwerere. Wandimva?"

"Ndamva, Sibweni."

"Kumva aliyense amamva. Tidzaona pobwera."

Anamukoloweka lamba m'khosi ndi manja awo.

2. Njira ya ku Mwanjeri

M'mawa lole inawatula pamene msewu wa ku Chitipa umayamba kukhotakhota. Aliyense anali ndi chikwama kumsana. Ena ananyamula matenti obwereka, ena mapoto, mpunga, usipa wouma ndi zigubu za madzi.

Madamu Ireen Mwafongo, mphunzitsi wa jogalafe amene ankayang'anira kalabuyo, anawaimika pansi pa mkuyu.

"Ndinena kamodzi, ndiye tcherani khutu. Phiri ili si bwalo la sukulu. Amene ali kutsogolo asathamange, amene ali kumbuyo asachite manyazi kunena kuti watopa. Wina akafuna kupatuka, ngakhale kukadzithandiza, anene ndipo apite ndi mnzake. Musalowetse dzanja m'phanga kapena pansi pa mwala, muli eni ake. Madzi muzimwa pang'onopang'ono. Moto tikoleza pamalo amodzi, ndipo pochoka tiuthira madzi mpaka phulusa lizizire. Pepala la bisiketi limene wakwera nalo utsike nalo. Makolo anu andipatsa ana athunthu, ndikufuna ndikawabweze athunthu."

Towera anayenda pambuyo pa Lughano, mnzake wa pa desiki imodzi kuyambira Fomu 1. Lughano ankakhala kwa azakhali ake m'tauni chifukwa cha sukulu, koma kwawo kwenikweni kunali mudzi wa patsinde pa phiri lomweli. Ndi iye amene anauza kalabu kuti pamwamba pa Mwanjeri pali malo abwino ogona.

Atafika pamphambano, Towera analoza kanjira kolowera kumudziko.

"Bwanji tiwapemphe Madamu tidutse kwanu? Ndikufuna ndiwaone amayi ako. Ndadya nthochi zawo nthawi yaitali osawadziwa."

"Kulibe," Lughano anayankha msanga. "Anapita ku Chilumba kwa achemwali awo."

Anapitirira.

Chitunda choyamba chinawathetsa nthabwala. Njira inali ya timiyala toterera, ndipo dzuwa la ku Karonga silinawachitire chifundo ngakhale unali mwezi wa June. Nsapato za Towera zinayamba kumuluma pachidendene. Zitsulo za tenti zinkamubaya pamsana akapondaponda. Lughano anacheuka, anamuona akupuma movutika, ndipo anasolola zitsulozo n'kuzimangirira pa chikwama chake.

"Iwe uli ndi ntchito yojambula," anatero. "Ine phiri ili ndinakulira momwemu."

Atakwera ndithu analowa m'nkhalango ya mombo ndi misuku. Koma nkhalangoyo inali ndi zigamba. Malo ena munali zitsa zokhazokha ndi dothi lakuda. Madamu anaima pa chitsa china chachikulu.

"Mukuona? Awa ndi makala amene timaphikira m'tauni muja. Mitengo ikatha kuno, mvula ikagwa madzi sapeza chowagwira. Amatsika onse nthawi imodzi, n'kukalowa m'nyumba zathu kuchigwa. Nkhalango ino ndi yotetezedwa, ndipo wopezeka akuwotcha makala amamangidwa."

Lughano anawerama n'kuyamba kumanga chingwe cha nsapato chimene sichinamasuke.

Towera anajambula zitsa, mitambo, gulugufe ndi anzake akuwoloka kamtsinje. Popuma, Keith anabwera kudzasuzumira. Keith anali mu Fomu 4, mlembi wa kalabu, ndipo ndiye anapatsidwa ntchito yotumiza zithunzi za onse ku mpikisano chifukwa anali ndi foni yaikulu.

"Zokongola," anatero, "koma zili ngati za pa kalendala. Sukulu iliyonse itumiza phiri ndi mitambo. Oweruza amafuna chithunzi choti munthu akachiona asiye kutafuna."

Towera anatseka kamera.

3. Utsi Kuseri kwa Thanthwe

Masana anapuma pa kasupe. Anzake akutulutsa mabanzi, Towera anaona utsi wotuwa ukukwera kuseri kwa thanthwe lalikulu chakumadzulo. Anayang'ana Madamu. Anali kumanga bandeji pa phazi la mwana wina. Lughano anali atapita kukatunga madzi.

Towera sanauze munthu. Anazemba ndi kamera yake.

Thanthwelo linali kutali kuposa mmene linkaonekera. Anadutsa m'tchire la minga, anatsetserekera m'kachigwa, ndipo pokwera tsidya linalo mwala unagubuduka pansi pa phazi lake. Anagwa chogwada, manja atakumbatira kamera. Bondo linang'ambika, magazi n'kuyamba kutsikira mu sokosi. Atadzuka sanadziwenso kumene anachokera.

"Mughonile," anamva mawu a munthu akumupatsa moni wa Chinkhonde.

Anali mayi wamtali, wowonda, atamanga chitenje chobiriwira chothimbirira ndi mwaye. M'manja anali ndi fosholo. Kumbuyo kwake kunali uvuni wa makala, mulu wautali wa dothi umene unkatulutsa utsi m'timabowo.

Towera anayankha moniwo mopunthwa, ndipo mayiyo anasinthira ku Chichewa.

"Wavulala, mwana wanga. Khala apa."

Anamutsuka bondo ndi madzi a m'chigubu chawo chakumwa. Kenako anang'amba kansalu m'mphepete mwa chitenje n'kumumanga. Manja awo anali okhakhala ngati khungwa, koma ankagwira mofatsa. Anafukula chinangwa chootcha paphulusa, anachinyema pakati n'kumupatsa mbali yaikulu.

Ali mkati modya, mayiyo anayang'anitsitsa malaya a kalabu amene Towera anavala.

"Ndinu a sukulu ya m'tauni ija? Pagulu lanu pali mtsikana dzina lake Lughano?"

"Alipo. Ndi mnzanga weniweni. Ine ndine Towera."

"Towera ndiwe?" Nkhope yawo inamasuka. "Dzina lako limatchulidwa kunyumba kwanga tchuthi chilichonse. Ine ndine mayi ake."

Towera anasiya kutafuna. Mayiwo anaona, ndipo anakhala pa chipika moyang'anizana naye.

"Wakuuza kuti ndili kwina, eti? Usamuimbe mlandu. Anzake amawauza kuti ndimagulitsa nthochi, ndipo ine ndimamusiya. Zimene amakuphunzitsani kusukuluko si zabodza. Kamtsinje kamene wawoloka aka, ndili mtsikana sikankaphwa. Ndikamadutsa pa zitsa ndimayang'ana pansi. Koma bambo ake atamwalira, munda wa kudambo anatenga abale awo. Nthawi ija mgodi wa ku Kayelekera unaima, anthu amene ankandigula tomato ndi nkhuku anabalalika. Chimene chinatsala m'nyumba ndi nkhwangwa. Ndikufuna mwana uja amalize sukulu, manja ake asadzafanane ndi awa. Akangolemba mayeso a Fomu 4, nkhwangwayi ndidzaipachika."

Kenako analoza kamera.

"Icho ndachiona. Ndikupempha zinthu ziwiri. Usandijambule, chifukwa alonda a nkhalango akandidziwa ndathera pomwepo. Ndipo usamuuze mnzakoyo kuti wandiona kuno. Angachite manyazi pamaso pako, ndipo iwe ndiwe amakudalira."

"Sindijambula, mama. Sindinenanso."

"Ndagha," anathokoza. Anamuperekeza mpaka pa kanjira ka mbuzi. "Tsata aka, kakakufikitsa pa kasupe."

Towera anakwera pang'onopang'ono. Atafika pamwamba pa thanthwe anacheuka.

Dzuwa linali litalasa utsi uja, n'kuusandutsa mizere yowala. Pakati pa mizereyo panali mayi a Lughano atatukula fosholo, akuthira dothi pa uvuni. Kumbuyo kwawo zitsa zinandandalika mpaka kumapeto kwa chitunda, ndipo mtengo umodzi wokha ndi umene unatsala chiimire. Chiyambire kugwira kamera, Towera anali asanaonepo chinthu chotere.

Anaima nthawi yaitali. Kenako anagwada kuseri kwa mwala, anakoka chithunzicho kuti chiyandikire, n'kudina.

Asanafike pa kasupe anamasula kansalu kobiriwira kaja n'kukakankhira pansi pa masamba ouma.

"Unali kuti?" Madamu anafunsa mokalipa. "Ndinanena chiyani patsinde paja?"

"Pepani Madamu, m'mimba munandipotokola. Ndiye ndinagwa."

Lughano anabwera ndi madzi kuti amutsuke bondo.

"Balali ndi loyera kale," anadabwa.

"Ndinatsuka pa kamtsinje," anatero Towera, maso ali kumbali.

4. Pamwamba pa Phiri

Anafika pamwamba dzuwa lisanalowe. Mphepo inali yozizira moti aliyense anafunafuna juzi. Kumunsi chigwa chonse cha Karonga chinali chitayalidwa, minda ya mpunga ili mawangamawanga, mtsinje wa Rukuru ukukhotakhota pakati pake. Anyamata anayamba kulimbana ndi matenti amene mphepo inkafuna kuwalanda. Lughano anasanja mafuwa n'kukoleza moto.

"Kuno kuli netiweki," Keith analengeza atakweza foni m'mwamba. "Amene ali ndi chithunzi chabwino abwere nacho. Mawa ndi tsiku lotseka."

Towera anakhala payekha pa mwala akuyang'ana mu kamera. Sanamve Keith akufika kumbuyo kwake.

"Ima pomwepo. Bwerera. Ichi wachitenga kuti?"

Towera anafuna kuphimba ndi dzanja, koma Keith anali ataona kale.

"Towera, apa wawina. Palibe angapose ichi."

"Sichotumiza. Mwini wake anandikaniza."

"Ndani?"

"Mayi wina chabe. Sindikumudziwa."

"Nanga vuto lili pati? Taona, nkhope yaphimbika ndi utsi."

Nkhopeyo inali yophimbika mbali imodzi yokha. Towera ankadziwa zimenezo.

"Komanso mayina a ojambula satulutsa," Keith anapitiriza. "Amangoika nambala kuti anthu avote mwachilungamo. Ndipo iwe, kalabu yathu ntchito yake n'chiyani? Si kuteteza phiri? Wamva wekha zimene anena Madamu. Ukabisa chithunzichi ndiye kuti uli mbali ya odula mitengo. Kapena tumiza gulugufe wako uja, ukaone ngati angakufikitse ku Mzuzu."

Towera anayang'ana kumoto. Lughano anali atagwada akuuzira nkhuni, utsi ukumulowa m'maso, akuseka ndi mtsikana wina.

Palibe anamugwira dzanja Towera. Anatsegula yekha kachitseko ka kamera, anatulutsa kakhadi kosunga zithunzi, n'kukaika m'dzanja la Keith.

Keith anakalumikiza ku foni yake. Pansi pa chithunzicho analemba kuti: "Adani a phiri lathu. Mwanjeri, Karonga."

"Chotsa dzina la phirilo," anatero Towera.

"Lamulo la mpikisano likuti titchule malo."

Keith anadina potumizira. Foni inalira kamodzi.

"Chapita," anatero Keith, n'kumubwezera kakhadi.

Pa chakudya, Lughano anamubweretsera mbale ya mpunga ndi usipa, pamwamba ataikapo nkhoko za mumphika.

"Ndakusungira, ndikudziwa umazikonda. Bondo likupweteka?"

"Pang'ono."

"Nanga bwanji sukudya?"

"M'mimba muja simunakhazikike."

Lughano anavula juzi yake yachiwiri n'kumufunditsa pamapewa.

Kutacha, anzake akujambula kutuluka kwa dzuwa, Towera anapita kuseri kwa tenti. Anapeza chithunzi chija n'kudina pofufutira. Kamera inamufunsa ngati watsimikiza. Anavomera. Chithunzicho chinachoka mu kamera, koma pachifuwa pake sipanapepuke.

Potsika anadutsa njira ina. Mu lole, Lughano anapempha kuona zonse zimene mnzake anajambula. Anaziyang'ana chimodzichimodzi mpaka kumapeto, ndipo Towera anamuona akupumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo.

"Watumiza chiti?"

"Cha gulugufe," anatero Towera.

5. Madzi Otayika

Chithunzicho chinaikidwa pa tsamba la mpikisano Lolemba. Pofika Lachiwiri chinali chitachoka pa tsambalo n'kulowa m'mafoni a anthu. Chinafika m'magulu a mipingo, a mavenda, ngakhale a oyendetsa njinga zakabaza. Ena ankayamikira wojambula. Ena ankatukwana mayi wa pa chithunzicho. Wina analemba kuti akumudziwa, n'kutchula mudzi wake.

Towera anamupeza Keith kuseri kwa laibulale.

"Uwauze achichotse. Ndasintha maganizo."

"Achichotse kuti? M'foni ya munthu aliyense m'Karonga muno? Madzi akatayika saoleka, Towera. Komanso tikutsogola pa mavoti. Uzisangalala."

Madzulo ake anakabweza kamera. A Hudson anaiyang'ana mbali zonse, anaona zithunzi za zitsa ndi mitambo, n'kugwedeza mutu movomereza. Kenako anatulutsa foni yawo m'thumba.

"Ichi wachiona? Akuti chajambulidwa ku phiri lomwe munapita."

"Ndachiona, Sibweni."

"Amene anajambula ali ndi dzanja, sindikana. Koma taona mmene mayiyu waimira. Sakudziwa kuti pali munthu akumuyang'ana. Chithunzi ichi n'chobedwa. Makala ndi oipa, inde, ndipo pali njira zake zonenera. Ukhoza kujambula zitsa, ukhoza kujambula uvuni, ukhoza kupita kwa akuluakulu n'kukambirana. Koma kutenga nkhope ya munthu wosauka n'kuiponya pamsika kuti iwe uomberedwe m'manja, kumeneko si kuteteza phiri. Amene amagula matumba pa lole sakuoneka apa. Ife amene timaphikira makalawo sitikuoneka apa. Waoneka yekhayu, amene alibe womuyankhulira."

Anaika foni pa tebulo n'kumuyang'ana m'maso.

"Si iwe?"

"Ayi, Sibweni. Zanga ndi zomwe mwaonazo. Ambiri anali ndi mafoni."

A Hudson anabweza foni m'thumba.

"Chabwino. Ndakukhulupirira."

Anamupatsa fanta wa m'kafiriji kawo. Towera anamwa theka, lotsalalo linamukanika.

Lachitatu Lughano sanabwere kusukulu. Lachinayi malo ake pa desiki anali opanda munthu. Towera anakopera manotsi a masamu kawiri, ake ndi a mnzake, koma njira yopita kwa azakhali a Lughano anaiopa. Anafika mpaka pa mjigo wa pafupi ndi nyumbayo, n'kubwerera.

6. Pa Asembule

Lachisanu m'mawa Lughano anamudikirira pa geti. Maso ake anali otupa, yunifolomu yosasita. Anamukokera kuseri kwa mtengo wa mango.

"Towera, ndinakunamiza. Amayi sanapite ku Chilumba. Mayi ali pa chithunzi chija ndi amayi anga."

Towera anagwira mtengowo.

"Alonda a nkhalango anapita Lachiwiri. Anagumula uvuni, anatenga matumba, nkhwangwa ndi fosholo. Amayi ali m'chitokosi, akudikira khoti. Ang'ono anga awiri ali kwa aneba. Azakhali akuti mwina ndisiye kaye sukulu ndikawasamale."

"Wawaona?"

"Dzulo ndinakawapatsira phala. Akutsokomola, pansi pake m'pozizira. Ndinawafunsa ngati anaona amene anawajambula. Anangoti, 'Zisiye, mwana wanga, limbikira sukulu.' Ndinafunsanso, anatembenukira kukhoma."



"Mlandu ndi wanga," Lughano anapitiriza. "Ndine ndinauza kalabu za Mwanjeri. Ndinkafuna muone kuti kwathunso kuli zokongola. Ndinkaganiza kuti uvuni uli kutali ndi njira. Ndinatenga anthu ndi makamera n'kupita nawo kwa mayi anga."

"Si mlandu wako, Lughano."

"Nanga ndi wa ndani? Ndikuganiza kuti ndi Keith. Ankangoyendayenda ndi foni yake ija. Iwe ndikudziwa kuti si iwe, zako ndinaziona zonse mu lole." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Palibe wina ndamuuza pasukulu pano. Iwe wekha. Ukaweruka undiperekeze kukawaona, sindikufuna kupita ndekha. Akakuona asangalala, amafuna atakudziwa."

"Lughano, pali zimene ndikufuna…"

Belu linalira. Ana anayamba kuthamangira ku bwalo, ndipo mphunzitsi wa pa dyute anawakuwira kuti afulumire. Lughano anamugwira dzanja n'kumukoka.

"Undiuza tikatuluka."

Anaima pa mzere wa Fomu 3. Anaimba nyimbo ya fuko, anapemphera, ndipo Lughano sanamusiye dzanja. A hedimasitala anakwera pakhonde akumwetulira, Madamu Mwafongo ali pambali pawo.

"Lero ndili ndi nkhani yabwino. A bungwe la ku Mzuzu aja andiimbira foni. Chithunzi chimene chapambana m'chigawo chonse cha kumpoto chachokera pasukulu pano. Ambiri mwachiona, ndi chija cha mayi wowotcha makala pa Mwanjeri."

Ana anaomba m'manja. Zala za Lughano zinafinya dzanja la Towera. Maso a Lughanoyo anali pa mzere wa Fomu 4, pamene Keith anaima.

"Mpaka lero dzina la wojambula linali lobisika," anapitiriza a hedimasitala. "Tsopano ndaloledwa kulitchula. Ndipo chondinyaditsa n'chakuti ndi mtsikana, wa Fomu 3."

"Mtsikana?" Lughano ananong'ona. "Koma Keith…"

Sanamalize. Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mnzake.

"Towera Msiska," anaitana a hedimasitala, "bwera kutsogolo kuno, anzako akuone."

Bwalo lonse linaphulika ndi m'manja ndi nthungululu. Mzere wa Fomu 3 unapatuka kumupatsa njira. Towera anayesa kusuntha phazi, koma Lughano anali asanamusiye dzanja.

"Usanapite," anatero Lughano motsitsa mawu, "undiuze. Amayi anga unalankhula nawo?"